Masamba Osowa m'Buku la Zodwa

Mapemphero atatha, mipando yapulasitiki inakokedwa n'kupanga bwalo m'galaja ina ya m'komboni ya Mfuleni, m'dziko la eni, imene Lamulungu lililonse imasanduka tchalitchi. Otsala anali a kagulu kowerenga mabuku, anthu asanu ndi anayi.

Modester anakhala atakumbatira buku lake. Analitola m'katoni ya zinthu zimene madamu amene ankawagwirira ntchito ku Constantia ankataya, ndipo ndi iye amene anakakamira kuti gulu liliwerenge. Inali nkhani ya masiku ano. Zodwa, mayi wosoka zovala m'fakitale, anapirira mwamuna wankhanza zaka khumi ndi zitatu. Tsiku lina anakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'ngalande, ulendo wokakwera sitima. Buku linathera pomwepo, sitima ikunyamuka.

Lamulo la gulu linali lakuti buku lililonse liyambe lagona sabata kwa mayi Margret, tcheya wa amayi amumpingomo, kuti aone ngati mulibe zolaula. Ngakhale mwini buku ankadikira. Modester ankadana nalo lamuloli, ndipo mayi Margret sankawakondanso. Anali mayi osaseka, a duku loyera, ndipo mkazi aliyense wobwera kwa iwo akulira ankabwerera ndi mawu amodzi: banja n'kupirira. Komabe bukuli analilola, ndipo linayenda dzanja ndi dzanja mpaka chikuto chinatha.

"Ine ndaliwerenga kawiri," anatero Ellina, amene amaluka tsitsi ku Table View. "Poponya kiyi paja ndinakuwa m'takisi, anthu onse kucheuka. Aliyense amene ali ndi mchemwali amupatse buku ili."

Amayi anaseka. Amene sanaseke anali a Julius, mkulu wa mpingo, amuna awo a mayi Margret. Kumudzi anali mphunzitsi. Kuno ankadulira maluwa m'mayadi a azungu, koma choko chinali chisanawachoke m'mawu. Anaimirira n'kutulutsa m'jekete buku lina, lofanana ndendende ndi la Modester.

"Ili ndakabwereka ku laibulale," anatero. "Lili ndi mitu makumi awiri ndi umodzi. Lanulo ili ndi makumi awiri."

Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono. M'mutu womalizawo Zodwa anatsika sitima isanafike patali, n'kubwerera kunyumba, kukagwada pakhomo ndi kupepesa. Atatha, a Julius analanda buku la Modester n'kulitsegula kumapeto. Pamsana pake panaoneka timizere ta mapepala odulidwa ndi lezala, mwaukhondo.

Maso onse anagwera Modester. Panalibe amene sankadziwa kuti iye anasiya mwamuna ku Mzimba, ndipo chipsera cha pachibwano chake chinkanena zotsalazo.

Mumtima Modester ankadziwa kuti si iye amene anadula. Mwina bukulo linachoka choncho ku Constantia. Koma kugwada kuti amukhulupirire, zimenezo anazisiya kalekale.

"Sindinadule ine," anatero. "Koma amene anadulayo, dzanja lake lidalitsike."

"Mukumva?" A Julius anatembenukira gulu. "Kusocheretsa akazi a eni ndi buku loduka mchira!"

"Bambo, Zodwa ndayenda naye masamba mazana atatu. Ndikumudziwa. Mkazi amene uja sakanabwerera. Amene wabwerera m'mutu wanuwo ndi wolembayo, anachita mantha ndi anthu ngati inu."

Ellina anagwira pakamwa. Wina anakhosomola. A Julius anatseka buku lawo mwamphamvu.

"Mupepese pamaso pa gulu, apo ayi muno musapondemonso."

"Ndipepese kuti ndakonda buku? Ndinapepesa zaka zisanu ndi zitatu pa zinthu zimene sindinalakwe. Kupepesa kwanga kunathera komweko."

Anadikira kuti wina amuikire kumbuyo. Amayi onse amene ankaseka aja anali akuyang'ana simenti. Kenako mayi Margret, amene nthawi yonseyi anakhala manja ali pamiyendo, anadzuka.

"Mwamva zimene anena bambo," anatero, nkhope ili gwa. "Nyamukani. Ndikutulutsani ndekha, mpaka pageti."

Modester anatola buku lake patebulo, n'kuliika m'chikwama mosafulumira. Anatuluka khosi lili njo, mayi Margret ali pambuyo pake ngati wapolisi. Panja mphepo inkamwaza mchenga m'maso. Anayenda kudutsa pampopi. Akangoyamba za kupirira, anaganiza choncho, lero amva zimene sanamvepo chibadwire.

Pageti anatembenuka, atakonzeka.

Mayi Margret sankamuyang'ana iye. Ankayang'ana chitseko cha galaja. Ataona kuti palibe akubwera, anapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa mapepala opindidwa kanayi, odulidwa m'mbali ndi lezala mowongoka bwino, n'kumufumbatitsa.

"Kawotcheni kwanu, kwathu bambo amafufuza paliponse," ananong'ona. "Ndipo mukandifunsire kwa alandilodi anu ngati kuli chipinda. Cha munthu mmodzi."