Wosesa wa Loweruka

Pofika pa munda wa chimanga wa a Dahlke, gulu la opalasa njinga linali litamusiya kale Marlys. Kutsogolo ankangoona fumbi basi. Miyala ya mumsewu inkathawa pansi pa matayala, ntchafu zikuwotcha. Kumbuyo kwake, monga Loweruka lililonse, kunkamveka tcheni cha njinga ya mwamuna wake, Vern.

Vern ndiye anali wosesa wa kalabu yawo. Wosesa amapalasa kumbuyo kwa aliyense, kuti wotopa kapena wophulitsa tayala asatsale yekha m'tchire. Nanga wotsala anali ndani? Marlys, sabata ndi sabata. Enawo, amuna aimvi ovala timakabudula tothina ngati ana, ankaliyatsa liwiro ngati akuthawa njuchi, n'kukaima pa tchalitchi cha pamwamba pa chitunda. Lamulo linali loti gulu silinyamuka wosesa asanafike. Lamulo lokoma pakamwa. Kudikirako ankadikira akuseka.

"Vern wafika ndi katundu wake," ankatero Curt, mtsogoleri wa gulu. "Achimwene, tikumangireni kaliyala muzingowanyamula?"

M'mawa umenewo Curt anali atalengeza asananyamuke. Ku mpikisano wa mu Okutobala, wodutsa m'miyala, m'matope ndi m'tinjira ta ng'ombe, kalabu itenga okhawo okwera chitunda cha kutchalitchi osatsika, osakankhidwa. Dzina sanatchule. Panalibe chifukwa chotchulira. Marlys anali atalawirira miyezi yambiri chifukwa cha mpikisano umenewo, koma chitundacho anali asanachikwerepo yekha. Akafika pakati Vern ankamuimitsa, kumupatsa madzi, kapena kumuika dzanja pamsana n'kumamukankha ngati galimoto yofa batire.

"Lero musandikhudze," anamuuza ponyamuka. "Ndikagwa ndigwe. Mwamva, bambo?"

"Ndamva, bwana," Vern anaseka. "Ine ndine tsache chabe."

Chitunda chinayamba. Marlys anatsitsa giya, kenako ina, kenako ina, mpaka magiya anamuthera. Njinga inkayenda ngati wina waimangirira ku mtengo. Tayala lakumbuyo linkaterereka. Zaka zake, mawondo ake, mapapo ake, zonse zinali kumbali ya Curt. Munthu ungachite chiyani thupi lako lomwe likamakukana?

Asanafike n'komwe pakati, anamva mawu aja.

"Marlys. Taimani kaye."

Zoona? Ngakhale lero? Analuma mano. Sanacheuke. Pa miyala yotayirira munthu sacheuka, ukacheuka handulo imakutsatira n'kukuponya m'ngalande. Vern yemweyo ndiye anamuphunzitsa.

"Mayi, pang'ono chabe."

"Ndati ayi! Madzi anuwo imwani nokha!"

"Marlys."

"Mundichititsa manyazi mpaka liti inu? Ndisiyeni!"

Ndipo anamusiyadi. Tcheni chija chinaleka kumveka. Wakwiya, Marlys anaganiza. Akwiye. Madzulo adya nyama yankhumba ndi mbatata, mkwiyo utha.

Koma tsopano anali yekha ndi chitunda, ndipo mantha anamugwira. Kutsogolo kulibe munthu, pamsana palibe dzanja. Anaimirira pa mapedulo, tayala linapalasa miyala pachabe, anakhalanso. Thukuta linamulowa m'maso. Analira, kulira kwenikweni, mamina ndi misozi, miyendo ikungozungulira yokha. Msewu unakhota, n'kukhotanso. Kawiri konse phazi linafuna kutsika pansi, kawiri konse analitukwana. Kenako nsonga ya tchalitchi inatulukira pamwamba pa chimanga.

Amuna aja anali atatsamira njinga zawo pa mpanda wa manda. Atamuona anasiya kutafuna nthochi.

"Ee! Mayi Marlys, nokhanokha?" Curt anakuwa. "Tsache mwalisiya kuti?"

"Likubwera," anayankha mwa befu. "Lanyanyala."

"Mwamusiya Vern pa chitunda? Anyamata, ombani m'manja! Mayi, mu Okutobala tili limodzi."

Anaomba. Marlys anagwetsa njinga n'kudziponya pa udzu, chagada, chifuwa chikukwera n'kutsika. Miyendo sinkamva kanthu. Wina anamupatsa theka la nthochi. Anayamba kukonza mawu oti amunyoze nawo Vern akatulukira pa kona, ndi ena ochepa omupepesa.

Anadikira.

"Walowa m'chimanga ameneyo," anatero wina. "Khofi wam'mawa uja."

"Kapena akulira. Ntchito yamuthera."

Anaseka. Anakambirana za matayala, ati otambalala ndi ati opyapyala, ndi mpweya woyenera m'matope. Amuna akuluakulu, mafoni m'matumba, miyendo yamphamvu, palibe ngakhale mmodzi anatembenuza njinga. Pa kalabu wosesa safunidwa, ndiye amafuna anzake. Komanso ndani angatsike chitunda chimene wangochikwera kumene? Marlys anayesa kudzuka kuti akasuzumire pa kona, mawondo anakana, anakhalanso.

Chimene chinatulukira pa konapo ndi galimoto ya a Dahlke, mwini munda uja, ikubwera pang'onopang'ono. Anaima, anatsika, anavula chipewa. Anawayang'ana onse mmodzimmodzi.

"Pali mnzanu pansi apo, wovala ngati inu," anatero. "Ndamupeza m'ngalande, dzanja lili pachifuwa. Ambulansi ndaiitana, koma ilibenso chothamangira. Mkazi wake alipo pano?"

Vern sankamuimitsa Marlys kuti Marlys apume. Wovutika anali iyeyo.