Mkanjo wa Mavluda

Ergash, wojambula alendo panyumba yachifumu ya ku Khiva, anatenga mobisa mkanjo waukwati wa mkazi wake kuti aziveka alendowo. Ankadziwa kuti amene anausoka ndi malemu apongozi ake, koma kudziwako sikunamuletse.

Masana Mavluda, mkazi wakeyo, anabwera ndi buledi ndi tiyi. Anapeza mayi wachilendo ali pampando wachifumu, atavala mkanjowo.

"Mwetulirani, mfumukazi yanga!" anafuula Ergash, diso lili pakamera.

"Bambo a Nodira," anatero Mavluda motsitsa mawu, "zaka makumi awiri zonsezi, ine simunandijambulepo nditauvala."

Anadikira mlendoyo kuti avule, napinda mkanjowo bwinobwino, napita nawo kwa alongo ake. Sanabwererenso. Ergash anatsala ndi chithunzi cha mkazi amene samudziwa n'dzina lomwe.