Chitini Chopindika

"Khalani chete, lilime langa lili pantchito," anatero a Fang, akulawa tiyi amene Zihao, chibwenzi cha mwana wawo wamkazi, anabweretsa pa Chaka Chatsopano m'chitini chopanda dzina.

Zihao thukuta linali kamukamu. Tiyiyo anachita kupatsidwa ndi amalume ake, ndipo sankadziwa kuti ndi wamtundu wanji.

"Uyu ndi wa kumapiri a Wuyi, wothyola mame asanaume. Mnyamata wodziwa tiyi chonchi, mwana wanga ndampatsa," anatero a Fang.

Akazi awo, a Shulan, anatembenuza chitinicho. Anazindikira popindika paja, pomwe anachigwetsera chaka chatha, tsiku limene a Fang anati tiyiyo ndi udzu wa mbuzi, angopatsa aneba. Anebawo anali amalume ake a Zihao.

"Ndikuthirireni wina, akatswiri?" anafunsa akumwetulira.