Foni Yomva Chifuwa

Mapemphero a swala ya usiku atatha, Hidaya anatumidwa kukatenga foni kotchajitsa. Inali ya achimwene ake a zaumoyo, ija ya nzeru zamakompyuta yomwe imangomva kutsokomola n'kudziwiratu ngati ndi TB. Kwawo ku Chowe anthu ankaiyamikira, koma inafika bambo ake atagona kale kumanda.

Pobwerera, atafika pamlambe, foni ija inayaka yokha.

"Wodwalayu apite kuchipatala msanga," inatero.

Mumsewu munalibe munthu. Kenaka kumbuyo kwake kunamveka chifuwa chouma chija cha bambo ake, chomwe iye ankachitsekera makutu powerengera mayeso.

"Ababa, pepani," ananong'ona osacheuka. "Inetu ndinkangofuna kukhoza."

Foni inayakanso.

"Sindinamve bwino. Auzeni asendere pafupi."