Dothi m'Shedi ya Mbatatesi

Kachitatu m'sabata imodzi, mayi woyang'anira shedi anapeza timibulu ta dothi pasimenti. Anatitola, natifinya ndi zala.

Mushedi imeneyo dothi ndi mdani. Mbewu ya mbatatesi imakulira m'malere: masamba pamwamba, mizu ili lendelende m'mabokosi amdima, timapaipi tikuipopera madzi osakaniza ndi feteleza. Kadothi kochepa kamatha kubweretsa matenda ofotetsa mbewu. N'chifukwa chake pakhomo panali beseni la mankhwala loti aliyense apondemo asanalowe, ndipo lamulolo analemba ndi mayiyo. Oyeza mbewu ankayembekezeka kubwera Lachisanu. Akanangopeza matenda, thukuta la miyezi inayi likanathera pamoto.

Womukayikira sanachite kumufunafuna. Panali madala ena, anzawo ankawatcha a Chikhasu, munthu wokalambira m'mizere. Iwo sankabisa mawu. Ankati mbatatesi yosadziwa dothi ndi mwana wosayamwa, ndipo tsiku lina idzatichititsa manyazi. Masiku amenewa thumba la ovolosi yawo linkaoneka lotupa. Mayiyo akamayendera mabokosi, madalawo ankamutsata chapatali atawerama, koma iye akangocheuka, iwo ankadzuka msangamsanga n'kuyamba kuimba likhweru ngati munthu wosalakwa. Galu wamkota sakandira pachabe. Nkhalamba iyi, anaganiza mayiyo, ikuthira dothi kumizu kuti mawu ake apherezere.

Zinamuwawa, chifukwa ntchitoyo anawapezera yekha atawamvera chisoni. Komabe kalata yowachotsa anailemba, naipinda bwinobwino.

Lachinayi m'mawa analowa mwaliwiro monga mwa masiku onse, foni ili kukhutu. Atafika pakati pa shedi anatembenuka mwadzidzidzi. Madala aja anali chogwada, dzanja likuthawira m'thumba.

"Tulutsani zili m'thumbamo, madala."

Anazengereza, nayang'ana uku ndi uku ngati pali wina akumva. Kenako anatulutsa kabotolo ka mankhwala ndi kansanza konyowa, kofiira ndi dothi.

Mayiyo anatulutsa kalata ija. Anawauza kuti wawapirira mokwanira, kuti ukalamba si chiphaso chowonongera ntchito ya anthu, ndipo anene pompo kumene akulitenga dothilo.

A Chikhasu anavula chipewa, nayankhula motsitsa mawu.

"Pepani mayi, sindimafuna kukuchititsani manyazi pamaso pa antchito. Mankhwala apakhomo aja amawononga nsapato zabwino, ndikudziwa, n'chifukwa chake mumalumpha beseni lija. Ine ndimangopukuta m'mene mwaponda, koma maso anga akale, timibulu tina timandiphonya."

Mayiyo anayang'ana kumbuyo. Mapazi ofiira anali ndondondo kuchokera pakhomo mpaka pamene anaima. Ndipo pabokosi limene ankakonda kutsamiritsapo phazi akamayankha foni, masamba anali atayamba kale kufota.