Khofi Polowera Msewu wa Pansi pa Nyanja

"Bambo a Jórun, tikudikira chiyani?" Sunnvá anafunsa mwamuna wake, Hanus. "Ukwati wa mwana wanu uyamba inu kulibe."

Hanus anali atazimitsa galimoto polowera msewu watsopano wa pansi pa nyanja n'kudzithirira khofi, monga ankachitira kwa zaka makumi anayi podikira sitima yowawolotsa kuchoka pachilumba chawo.

"Tikudikira sitima, nanga..." Anangoti kukamwa yasa. Iye yemwe anasasa mawu m'misonkhano kuti boma likumbe msewuwo!

"Mutu wangawu ndi wa nkhosa ndithu," anatero akuliza injini. "Musauze munthu, mayi."

Atayang'ana pagalasi, anaona magalimoto khumi a anthu opita ku ukwatiwo atandanda kumbuyo kwake. Onse anali atazimitsa injini, akumwa khofi wawo mosatekeseka.