Galu wobereka mwezi ndi mwezi

Nkhani iyi ndinaimva koyamba ndikukhala m'kachipinda kena ku Selly Oak, kuno kwa azungu, ndisanasamukirenso kwina monga ndimachitira ine. Amene anandiuza anaona ndi maso. Mpaka lero ikandibwerera, mtima umandiwawa.

Panali bambo wina ku Bordesley Green, a Lackson, amene kutchalitchi ankadziwika kuti ndi nkhoswe yovuta. Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta ankamukhazika pansi: kwanu n'kuti, mfunda wako ndi uti, kubanja kwanu kuli matenda anji? Anyamata ankatuluka ali thukuta kamukamu.

Mwana wawo Amara, wobadwira konkuno, analirira galu kwa zaka. Anamulonjeza kuti akakhoza mayeso amugulira, ndipo anakhozadi. Apo ndi pamene a Laison a ku Dudley, otsogolera nyimbo kutchalitchi komweko, anawanong'oneza kuti ali ndi tiana ta galu wa Labrador, mtundu weniweni wosasakaniza.

Akazi awo a Lackson, mayi Vailet, amene ndi namwino, anachenjeza.

"Bambo a Amara, mufunse kaye mayina a makolo a galuyo. Bungwe lolembetsa agalu lili ndi tsamba pa intaneti. Mukalemba dzina mumaona mzere wonse, komanso ngati makolowo anawayeza ziuno. Agalu amtundu umenewu amavutika ziuno."

"Ndikafunse mapepala kwa munthu amene timadyera naye limodzi mgonero? Aziti ndamuyesa wakuba?"

"Ana a eni mumawafunsa mpaka za agogo awo."

"Amenewo ndi anthu, mayi. Uyu ndi galu."

A Lackson anakwera basi ndi Amara. Ku Dudley a Laison anawalowetsa pabalaza. Pa sofa yobiriwira panagona galu wamkulu wachikasu, khutu lakumanzere long'ambika, kamwana kali pambali pake.

"Mayi ake ndi awa. Jambulani, achimwene. Satifiketi ikupezani pa positi."

A Lackson anajambula, nalipira. Amara anakanyamula kagaluko pachifuwa, n'kukatcha Tofi. Madzulo omwewo bambowo analemba pa gulupu ya tchalitchi kuti ofuna galu wapamwamba apite kwa m'bale Laison, umboni ndi iwo.

Patapita miyezi, Tofi anayamba kutsimphina. Akafika pamasitepe ankangoima n'kumalira. Dokotala wa ziweto atamujambula mafupa anati ziuno zonse ziwiri ndi zoonongeka, ndipo ndi vuto lotengera kwa makolo.

"Makolo ake anayezedwa?" anafunsa dokotalayo.

Amara anayang'ana bambo ake. Bambo ake anatulutsa foni, n'kuonetsa chithunzi cha galu pa sofa. Dokotala anapukusa mutu.

A Laison akaimbiridwa foni, yankho linali lomwelo: positi ya masiku ano, achimwene, tiyeni tipemphere.

Zinaululika pa chinkhoswe china mu holo ku Dudley, a Lackson ali nkhoswe atavala suti. Nthawi ya chakudya mayi Callista, mzamba wa kuchipatala, anadandaula kuti galu wawonso, wogula kwa a Laison, sakuyenda bwino.

"Koma mayi ake ndinawaona, athanzi," anatero akuonetsa foni. "Awa."

Mayi Vailet anasuzumira. Sofa yobiriwira. Khutu long'ambika.

"Wanu munatenga liti, asisi?"

"Pa Pasaka."

"Wathu mwezi wa m'mbuyo mwake."

Mayi Queen, a tebulo loyandikana, anatulutsa yawo. Sofa yomweyo, khutu lomwelo, koma iwo anagula Pasaka itadutsa.

Mayi Callista anaika foloko pansi. "Ine ndakalambira m'chipinda chochilira. Galu wobereka mwezi ndi mwezi sindinamumvepo. Ameneyu ndi galu kapena fakitale?"

A Laison analinso pa chinkhoswepo, ndipo anthu anawapanikizira panja, poimika magalimoto. Poyamba anakalipa, kenako anavomera. Tianato ankagula kwa anthu ena ogulitsira m'galimoto ya vani, osadziwa n'komwe kumene tachokera. Galu wa pa sofa anali wa aneba, ankangomubwereka ogula akamabwera. Ndipotu anebawo anamutseketsa kalekale, sanaberekepo.

"Aaa, koma achimwene, galu ndi galu," anatero a Laison akukonza tayi. "Kumudzi tinkafunsa makolo a galu?"

Bodza lake! Kwathu sitinkafunsa chifukwa tinkadziwa. Mayi wa galu wako anali wa nyumba yachitatu, unkamuona akuthamanga tsiku ndi tsiku.

Amara anali ataima kumbuyo, wamva zonse. Mwanayu kunyumba umamulankhula Chichewa, iye n'kuyankha Chingerezi. Tsiku limenelo anafunsa m'Chichewa, pang'onopang'ono, anthu onse akumva.

"Adadi, ndiye mayi ake a Tofi ndi ndani?"



Tofi ali moyo, amadalira mankhwala. Amara anakana kuti galu wake azigona yekha pansi, choncho madzulo aliwonse a Lackson amamunyamula, chigalu cholemeracho, kukwera naye masitepe, mwana akuwayang'ana. A Laison anasamukira mpingo wina. Ndamva akutsogolerabe nyimbo.

Ine ndavala jekete, ndikakwere basi kusanazizire. Tiyi amene ndimamwa polemba izi wandithera kukoma.

Phunziro: Musanagule galu, funsani mayina a makolo ake, mukawafufuze nokha ku bungwe lolembetsa agalu, muone ngati anayezedwa matenda. Chithunzi si umboni, ndipo kupemphera limodzi si satifiketi. Wogulitsa woona sakwiya ukamufunsa. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi kumagulupu a tchalitchi, mwana wina asalire chifukwa bambo ake anachita manyazi kufunsa.